Eriyo Yoloza ku Mgodi

Nkhani inandipeza ndikusita malaya a anthu. Ntchito yanga ndi imeneyo, kuchapa ndi kusita zovala za anthu a mumdadada wathu uno. Atelala, mayi amene amasoka pansi pa masitepe, analowa osagogoda, tepi ili m'khosi, akupumira m'mwamba.

"Anzanga, amuna anu aja alowa shifiti yanji sabata ino?"

"Ya m'mawa. Bwanji kodi?"

Anayamba andilanda simbi m'manja n'kuiimika, n'kuzimitsa pakhoma. Kenako anati wailesi yanena kuti mbali ina ya mgodi yagumuka ndipo anthu atsekeredwa pansi. Yangonena zokhazo basi, n'kuika nyimbo.

Ndinaimba foni ya amuna anga. Ndimadziwa bwinobwino kuti akamalowa pansi foni amaisiya m'kabati pamwamba, komabe ndinaimba, n'kuimbanso, ngati kabatiyo angayankhe. Ya ku ofesi ya mgodi inali yotangwanika. Ndinayatsa kanema. Panali bambo wina wovala chipewa akuphunzitsa kadulidwe ka mitengo ya zipatso, akumwetulira ngati dziko lonse lili pa mtendere. Ndikanatha kumugenda ndi simbi ija.

Vuto lake ndi ili. Kanema wathu amachokera pa nsanja imene ili paphiri la kumpoto kwa tauni, ndipo eriyo iliyonse padenga la mdadada wathu inaloza kumeneko. Nsanjayo imatipatsa nkhani za chigawo chathu chino. Mgodi uli chigawo china, chakummwera, ndipo kumeneko ali ndi nsanja yawo ndi tchanelo chawo. Atelala anati mng'ono wawo amene amakhala kumeneko ndiye wawaimbira, akuti tchanelo chawocho chaika kamera pakhomo penipeni pa mgodi, chikuonetsa aliyense amene akutulutsidwa.

"Ndiye auzeni ationere!"

"Aona ndani, anzanga? Amuna anu sawadziwa. Ndiponso foni yaduka, sikulowanso."

"Eriyo itembenuzidwe."

Amene ananena zimenezi anali apongozi anga, bambo awo a amuna anga. Anali ataima pakhomo la chipinda chawo, nsapato atavala kale. Sindikudziwa kuti anamva kuyambira pati. Takhala nawo chimwalirire akazi awo, ndipo nthawi yonseyi sindinawakwezerepo mawu, ngakhale tsiku limene anandiotchera ketulo. Pa unyamata wawo anali kalipentala wokhoma madenga, ndipo amakamba zimenezi kwa aliyense amene walakwitsa n'kukhala nawo pafupi. Koma tsopano ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Chizungulire chimawagwira ngakhale akungodzuka pampando. Adokotala anawaletsa kukwera ngakhale pa kampando kakafupi komwe, ndiye muganize denga la nyumba yosanjikizana katatu, la malata otsetsereka.

"Mwana wanga anaitembenuzapo tsiku lina kuti andionetse dera la kuntchito kwake," anatero. "Zinaoneka. Ndinaona mmene anachitira."

"Bambo, ndikwera ndine."

"Nanga pakanemapo ayang'ana ndani? Ine maso anga mukuwadziwa, nkhope zonse pamenepo zimafanana. Timabatani ta rimoti sinditiona n'komwe. Inu ndi amene mungamuzindikire, mwananga."

Ndinayang'ana Atelala. Iwo anagwira pamtima n'kupukusa mutu. "Ine ndikangokwera pa tebulo kuti ndisinthe babu, dziko limazungulira. Mungatole mitembo iwiri lero." Atangotero anadzitseka pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale.

Masana a pakati pa sabata mdadada wathu umatsala ndi amayi a makanda ndi nkhalamba. Ndinagogoda zitseko zingapo kufuna mwamuna aliyense wa miyendo yolimba, osamupeza. Pobwerera ndinapeza apongozi atafika kale pamwamba pa masitepe, sipanala ili m'thumba la kumbuyo, akukwera makwerero achitsulo opita padenga. Phazi lililonse ankaliika kawiri asanalikhulupirire. Ndinafuna kuwagwira mwendo n'kuwatsitsa. Sindinatero. Ndinene zoona, ndinkafuna kwambiri kudziwa za amuna anga, moti ndinawasiya akwere.

Tinagawana chonchi. Iwo padenga. Atelala pawindo la pamwamba pa masitepe, mutu uli kunja, pamene amatha kuona miyendo ya apongozi. Ine pakhomo la nyumba yathu, chitseko chili chotsegula, diso limodzi pakanema, pakamwa kuloza ku masitepe. Tchanelo cha kummweracho chinali chikadali m'dikoda, kachipangizo kolandirira matchanelo, kuchokera tsiku limene amuna anga anachisaka, kumapeto kwenikweni. Ndinachiika. Panali bii, ndi kabokosi konena kuti palibe chikufika.

"Akuti mabawuti achita dzimbiri!" anakuwa Atelala.

Kunamveka kugogoda, chitsulo pa chitsulo, kukutsika ndi khoma mpaka m'mano mwanga. Kenako kulira kwa paipi ikutembenuka.

"Akuti ayamba! Muziona!"

Bii. Bii. Kenako mwadzidzidzi chithunzi chinangoti gwa, chathunthu: chipata cha waya, anthu ovala zipewa zolimba, galimoto ya ambulansi itatsegula kumbuyo.

"Pomwepo! Pomwepo!"

"Pomwepo, achikulire!"

Mawu a Atelala asanathe, chithunzi chinasweka timabokosi timabokosi, nkhope za anthu zikuphwanyika ngati matailosi, n'kuzima.

"Abwerere pang'ono!"

Anabwerera. Bii. Anabwereranso. Chinabwera, ndinakuwa, chinapita. Tinachita zimenezi mpaka mawu anga anayamba kusasa, ine ndikupsa mtima, iwonso akupsa mtima kumwambako. Ndinawamva okha akukalipa, osadikira Atelala: "Kodi pansipo mukuona kapena mukugona? Ndikaima mukuti tembenuzani, ndikatembenuza mukuti imani!"

Apongozi anazolowera makanema akale aja. Kale munthu akamatembenuza eriyo, chithunzi chinkayera pang'onopang'ono pamodzi ndi dzanja lake, chimachoka ku mchenga n'kufika pa mithunzi ya anthu, wapansi n'kumati "onjezani, onjezani, basi." Ngakhale nsanja ikhale kutali chotani, umaonako kenakake n'kumamva mawu. Za dikodazi sizitero. Zimakupatsa zonse kapena kukumana zonse. Ndipo chimene tonse sitinkachidziwa n'chakuti dikoda imayamba yaganiza kaye. Eriyo ikaloza pabwino, chithunzi chimachedwa kubwera. Ndiye pamene ine ndinkakuwa kuti pomwepo, dzanja la apongozi linali litadutsa kale pamalopo.

Ndisanazindikire zimenezo ndinapanga chopusa. Ndinaganiza kuti mwina vuto ndi dikoda, ndiye ndinadina poti isakenso matchanelo. Inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinavomera ndi ukali, ngati ikundichedwetsa dala. Kamzere kanayamba kuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumanzere. Nthawi yonseyo apongozi anali akupukusa eriyo uku ndi uku. Kamzere kanafika kumapeto, dikoda n'kundiuza kuti sinapeze tchanelo ngakhale chimodzi. Cha kummwera chija chinapita. Ngakhale bambo wa mitengo ya zipatso uja anapita.

Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo, rimoti ili m'manja. Amuna anga ali pansi pa nthaka, bambo awo ali pamwamba pa denga, ine pakati ndafufuta njira yokhayo imene tinali nayo.

"Kwachitika chiyani?" Atelala anatsika masitepe angapo n'kusuzumira. Nditawauza, sananditukwane, ngakhale ndinkayenera. Anangoti, "Pukutani m'maso. Sakaninso. Koma achikulirewo aime chilili osagwedeza, ngati mmene ndimaimitsira mkwatibwi pomuyeza. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anabwerera pawindo n'kuyamba kulamula ngati ali pa makina awo. "Achikulire! Lozani pamene munaloza poyamba paja. Mwaloza? Ndiye muume pomwepo. Musapume n'komwe!"

Ndinasakanso. Kamzere kanayenda, kanayenda, kopanda kanthu.

"Asunthe pang'ono, aimenso!"

Kachitatu, chapakati pa kamzere, dzina la tchanelo linatulukira, limodzi lokha. Ndinalidina. Chithunzi chinabwera koma chodwala, chikuyenda n'kuima, mawu akudukaduka ngati munthu wa chibwibwi. Mtolankhani wamkazi ananena kuti "opulumutsa afika pa," n'kuuma kukamwa kuli yasa.

"Akuti thanki ya madzi ikutchinga!" anatero Atelala. "Akuti aimasula yonse ainyamule m'mwamba!"

"Ayi! Auzeni asatero!"

"Amasula kale, anzanga."

Ndinathamangira pawindo paja, n'kukankha Atelala, n'kutulutsa mutu. Ndinawaona. Anali atachoka pa thanki pamene akanatha kugwirira, atakwera mpaka pamsana penipeni pa denga. Anaima atatangadza miyendo, phazi lina mbali iyi, lina mbali inayo, paipi yaitali ataikumbatira pachifuwa, eriyo ili m'mwamba ikugwedezeka ngati nthambi. Mphepo inali itayamba. Malaya awo anafufuma kumsana. Kumbuyo kwawo kunalibe chilichonse, thambo lokhalokha, ndipo pansi pake pali bwalo la simenti pamene timayanika zovala.

"Bambo, chonde!"

Sanandiyang'ane. "Bwererani pakanema, mwananga. Ine madenga ndayenda musanabadwe. Pitani mukandionere mwana wanga."

Ndinabwerera. Chithunzi chinali chikuyenda tsopano, chikumangodumpha mwa apo ndi apo mphepo ikawomba. Anthu anali atayamba kutuluka. Ankabwera awiriawiri, atakolekana mikono m'mapewa ndi owapulumutsa, onse otuwa ndi fumbi kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, maso okha ndi amene ankaoneka kuti ndi a anthu. Khamu kuseri kwa waya linkakuwa maina. Ine ndinagwada pafupi ndi kanema mpaka mpweya wanga unkachita nthunzi pagalasi.

Uyu ayi, wafupika. Uyu ayi. Uyu ndi mnyamata. Kenako kunatuluka wina wamtali, mapewa otambalala, akutsimphina, mutu ataweramitsa.

"Atelala! Dikirani, mwina ndi awa!"

"Akuti mwina ndi iwo, achikulire!"

Sindinawatume kuti anene zimenezo. Kumwamba kunamveka mfuu, ndipo nthawi yomweyo chithunzi chinauma. Munthu uja anaima ndi mwendo umodzi m'malere, nkhope yake ili timabokosi totuwa. Apongozi anali atagwedezeka ndi chimwemwe.

"Aime! Auzeni aime bwinobwino!"

Ndinadikira ndikuyang'ana timabokosi timeneto, ndikuyesa kupanga mphuno ya amuna anga, chibwano chawo. Munthu ukafuna chinthu, maso amakunamiza mosavuta. Ndinali nditawaona kale, ndinali nditayamba kale kuwakalipira mumtima chifukwa chondiopseza chonchi. Chithunzi chitabwerera, munthuyo anali atafika pafupi ndi kamera, atadzutsa mutu. Anali bambo wa ndevu, wachikulire, mwamuna wa mayi wina.

"Si iwo," ndinatero.

"Mwati?"

"Si iwo!"

Atelala anakweza uthengawo ndi mawu otsika. Patapita kanthawi anati, "Akuti manja achita dzanzi, koma musadandaule, agwirabe." Kenako, motsitsa kuti apongozi asamve: "Anzanga, miyendo ikunjenjemera. Ndikuiona pano. Fulumirani."

Ndifulumire bwanji? Ndinali ine wotulutsa anthu mumgodimo?

Mphepo inadzangoleka. Sindikudziwa kuti apongozi anapeza bwanji malo amenewo, koma chithunzi chinakhazikika n'kuyera mbee, kuposa mmene tchanelo chathu chomwe chimaonekera. Ndinkatha kuona thukuta pamphumi pa mtolankhani ndi dzimbiri pa waya wa chipata. Mawu ankamveka onse. Iye anati amene amatha kuyenda okha atha, tsopano akutulutsa otsala. Khamu lija linasiya kukuwa.

Anatuluka ndi machira oyamba, munthu wake akubuula, dzanja lili m'mwamba. Anathamangira naye ku ambulansi. Achiwiri chimodzimodzi. Achitatu sanathamange nawo. Anayenda nawo pang'onopang'ono n'kukawatsitsa pambali, pafupi ndi khoma, ndipo wojambula, kaya anali ndi mtima wotani, anawatsatira n'kuyandikitsa kamera.

Anali amuna anga.

Panalibe zoti mwina. Wina anali atawapukuta kumaso, ndipo nkhope yawo inadzaza galasi lonse. Ndinaona kachipsera ka pachikope, ndinaona mpata wa mano awo a kutsogolo chifukwa kukamwa kunali kotsegula pang'ono, monga amachitira akagona. Bambo wina wovala magolovesi anagwada, n'kuika zala pakhosi pawo, n'kudikira. Kenako anayang'ana mnzake, n'kukoka bulangete kuchokera pachifuwa mpaka kuphimba mutu wonse. Kamera inathawira kwina mochedwa, ngati yachita manyazi.

Kanema wakale uja akanandichitira chifundo. Mumchenga muja ndikanati mwina ndi wina, ndikanakhala ndi chiyembekezo mpaka madzulo. Uyu anandionetsa zonse, moyera mbee.

Kulira kunanyamuka m'mimba, kunafika pakhosi. Ndinakumva kukubwera, kukuwa kwakukulu kumene mdadada wonse ukanamva. Ndipo ndi pomwepo pamene mawu a apongozi anatsika kuchokera kumwamba, osadzera mwa Atelala.

"Mwananga! Apa ndagwira bwino! Mukuona chiyani?"

Ndinaluma dzanja langa. Ndinaluma zolimba mpaka ndinamva mchere. Apongozi aja anagwedezeka ndi mawu chabe akuti mwina. Nanga akamva mkazi wa mwana wake akulira maliro, ali chiimire pamsana pa denga, manja onse ali pa paipi? Ndinadina batani lotseka mawu kuti Atelala asamve kanthu. Ndinameza, n'kumezanso, kufunafuna mawu anga a masiku onse, amene ndimaitanira anthu kuti adzatenge zovala zawo.

"Sizikuoneka!" ndinakuwa. "Chazima!"

"Akuti chazima, achikulire!"

"Chazima bwanji? Sindinasunthe ine!"

Pagalasi, mbee, anali akutsitsa machira ena pafupi ndi amuna anga.

"Dikoda yatentha! Yazima yokha! Atsike, tiidikire izizire!"

"Ndidikira konkuno!"

"Atelala, auzeni atsike."

"Akukana, anzanga. Akuti akasiya malo amenewa sawapezanso."

Ndinaimirira. Ndinapita pawindo. Sindinayang'ane Atelala kumaso, ndinadziwa kuti akandiona adziwa, ndipo iwo sadziwa kulira motsitsa. Ndinatulutsa mutu.

"Bambo! Tsikani!"

"Mwananga, ndati ine..."

"Ndati tsikani! Kodi simukumva? Ukalamba wakulowani m'makutu? Mukufuna ndikhale pano ndikuyang'ana galasi lakuda mpaka liti, inu mukuchita masewera padenga ngati mwana? Ponyani chinthucho, mutsike pompano!"

Atelala anandigwira mkono. "Anzanga, ndi apongozi anu awa."

Ndinkadziwa. Mawu aliwonse ankandiwotcha pakamwa. Apongozi anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kundiyang'ana, ndipo ngakhale patali choncho ndinaona kuti ndawapweteka. Koma mkwiyo umalimbitsa miyendo, chisoni ndi chimene chimaifoola. Ndinasankha kuti atsike atandikwiyira.

Anagoneka eriyo pamalata mosamala, osaiponya, pakuti ndi munthu wolemekeza zipangizo. Anakhala pansi, n'kuyamba kutsetsereka chokhala, dzanja lili pamalata, kulunjika ku makwerero. Pakati pa njira anaima n'kutseka maso. Chizungulire. Ine ndi Atelala tinangoti kakasi, osapuma. Ndinkafuna kunena kuti pepani, gwirani apo, pang'onopang'ono bambo, koma ndinadziwa kuti ndikangofewetsa mawu, zonse zituluka. Ndinangoti, "Fulumirani," mouma ngati kapitawo.

Anatsegula maso. Anafika pa makwerero, phazi likufufuza chitsulo choyamba, n'kuchiphonya, n'kuchipeza. Atelala ankapemphera chapansipansi. Ine ndinabwerera m'nyumba, chifukwa sindikanatha kuyang'ananso.

Kanema anali bii, ndi kabokosi kake kaja. Ndinamva mapazi awo pamasitepe, olemera, akukoka. Analowa manja ali ofiira ndi dzimbiri, malaya atanyowa, akupuma movutika. Atelala anali pambuyo pawo.

"Chikhalireni m'nyumba ino simunandiyankhulepo chonchi," anatero. "Koma ndakumvani, ndi mantha. Ndimwe madzi, ndipume pang'ono, ndikwerenso. Malo aja ndawasunga m'mutu."

Anapita pa dikoda n'kuikapo dzanja kuti amve kutentha kwake. Analisiya pamenepo nthawi yaitali. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana, kuyambira kumaso mpaka pa dzanja langa limene linali likutuluka magazi.

Ndinagwada.

"Bambo, khalani pansi."

Sanakhale. "Chinaoneka," anatero. Silinali funso.

"Chinaoneka, bambo."

"Bwinobwino?"

"Bwinobwino."

"Simungakhale kuti mwaona wina?"

Ndinapukusa mutu.

Anagwedeza mutu kangapo, ngati munthu amene wauzidwa kuti ntchito yake waigwira bwino. Anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma mawondo anapinda, thupi lonse n'kutsika nthawi imodzi. Anagwa monga ndinkaopera kuti agwa. Koma anagwera m'manja mwanga ndi mwa Atelala, pansi m'nyumba mwathu, ndipo nditamva kuti akupuma, ndinatsegula pakamwa n'kuyamba kulira mwamuna wanga.